Tambala wa Chinkhoswe ndi Galimoto ya a Zakeyu

Mwambi umene nditsekere nkhaniyi, achinyamata inu amene mwakhala mukukangana za magalimoto chifikireni pano, chiyambi chake chinali chotere. Khalani pansi mumve, poti mwa nonsenu palibe amene ali ndi njinga n'komwe.

Ku Lilongwe kunali a Zakeyu Kamtedza, bambo wochita geni yonyamula fodya. Anali munthu wopatsa, woseka ndi aliyense, koma anabadwa ndi nthenda ya phuma. Tiyi ankamwa choimirira. Ukawapatsa moni, ankayankha kuti ali bwino atafika kale kuseri kwa nyumba. Ndiye munthu wotereyu anagula galimoto kwa mzungu wina wa pa esiteti amene ankabwerera kwawo: chigalimoto chakuda, chachitali, cha injini ya masilinda asanu ndi atatu. Chikalira m'mawa, agalu a m'dera lonselo ankavomera. A Zakeyu anachitcha Mphenzi, ndipo ankachikonda moti akazi awo ankati bola akanalowa mitala yeniyeni, poti mkazi mnzako umatha kukangana naye.

Mng'ono wawo, a Layisoni, anali ndi kapikapu kakale kamene anthu anakatcha Chifuwa, chifukwa kankayamba katsokomola katatu kasanalire. Pachitunda, munthu wa njinga ankatha kuyenda nako limodzi akucheza ndi a Layisoni pawindo. Abale awiriwa ankakondana, koma akakumana nkhani inali imodzi.

"Iwe Layisoni, kukoma kwa galimoto sukukudziwa," ankatero a Zakeyu. "Ukaponda moto, msana n'kumatirira kumpando, mitengo n'kusanduka mpanda umodzi, pamenepo m'pamene umadziwa kuti uli moyo."

"Achimwene, ine ndikamayenda ndimaona amene wafolera nyumba, amene chimanga chamukana chaka chino, ndi nkhani zomwe ndimamva. Nanga inu mumaona chiyani?"

"Ndimaona kumene ndikupita!"

Tsono awiriwa anali ndi mlongo wawo, Nankhoma, ndipo mwana wake Lonjezo anapeza mbeta kwa Ntondo, mudzi wa kutali ndithu ndi msewu wa tala. Mwambo wake mukuudziwa: nkhoswe yaikulu ndi malume aakulu. Iwowo ndi amene amapereka tambala kwa akuchikazi, n'kulandira msoti, kenako n'kugawana nkhuku yowotcha ndi ankhoswe a mbali inayo kuti banja likhale ndi eni ake. Koma maulendo onse atatu okakambirana za ukwatiwo, a Zakeyu anali pakalapakala ndi mabelo a fodya, n'kumangotuma a Layisoni.

Kutatsala masiku awiri, Nankhoma anawapeza akupukuta Mphenzi.

"Achimwene, akuchikazi sakukudziwani nkhope. Ine ndatopa n'kukuikirani kumbuyo. Loweruka mukapanda kupereka tambala ndi manja anuwo, mpando wa unkhoswe ndiupereka kwa ang'ono anu, ndipo musadzandifunse."

Mawu amenewa anawalasa a Zakeyu. Lonjezo anamulera okha bambo ake atamwalira, anamuphunzitsa kumanga tayi, ankamukonda ngati wobereka okha. Kuti tsiku la mwanayo mpando ukhalidwe ndi wina, ngakhale mbale wawo, zimenezo sakanazipirira. Analumbira kuti tambalayo adzanyamula okha, ndipo sadzamusiya m'manja mwa munthu aliyense.

Loweruka m'mawa Chifuwa anadzaza thothotho. Azimayi kumbuyo ndi ng'oma zawo, katundu wa chinkhoswe pakati, Lonjezo kutsogolo ali mu suti, thukuta kamukamu. Mu Mphenzi munali malo a anthu anayi, koma palibe anafuna kukweramo. Nankhoma anakwerapo kamodzi n'kutsika akulumbira kuti sadzakweranso. Akazi awo a Zakeyu anangoti akufuna kukaimba ndi anzawo. Choncho anatsala awiri, a Zakeyu ndi tambala, wofiira, wamalipombo akuluakulu, atamangidwa miyendo ndi luzi pampando wakumbuyo.

A Layisoni anabwera pawindo kudzalongosola njira, poti masiku amenewo mafoni a m'manja kunalibe.

"Mukasiya tala muyambe kuwerenga milatho. Pa mlatho wachiwiri mukhotere kumanzere. Komatu wachiwiriwo ndi ka..."

"Ndamva, ndamva! Wachiwiri, kumanzere. Kuwerenga mpaka pawiri ndinaphunzira kalekale. Mundipeza ndamwa kale thobwa."

"Achimwene, bwanji tingotsogozana?"

Yankho linali fumbi.

Ndisakunamizeni, ana inu, tsiku limenelo a Zakeyu anasangalala. Kunja kunali kowala, msewu wopanda anthu, Mphenzi akungolira chapansipansi ngati mphaka wokhuta. Ataponda moto, mtima wawo unapepuka, nkhawa za fodya zonse zinatsalira m'mbuyo, anayamba kuimba nyimbo za kwaya ndi mawu amene kutchalitchi sankaloledwa kuwatulutsa. Kukoma kumakoma, zimenezo n'zosakana. Anasiya tala, nalowa msewu wa fumbi osachepetsa liwiro. Mlatho woyamba, waukulu wa zitsulo m'mbali, anaudutsa n'kufuula kuti, "Umodzi!" Tambala kumbuyo anavomera.

Tsono mlatho wachiwiri sunali mlatho woti munthu n'kuulemekeza. Kanali kasimenti kafulati, kopanda zitsulo, koyalidwa pakamtsinje kamene m'chilimwe kamauma. Chifuwa akafika pamenepo ankachita gu-gu, azimayi n'kugundana mitu, aliyense n'kudziwa kuti tafika. Koma Mphenzi anali ndi masipuling'i a mzungu. Anakameza kamlathoko osamva ndi kukoma kwake komwe, a Zakeyu ali pakati pa vesi lachitatu.

Patsogolo anapeza mlatho wina waukulu. "Wachiwiri!" Kumanzere kunalidi njira, ndipo atatsika galasi anamva ng'oma. Chimene a Zakeyu anaiwala n'chakuti anthu akakolola, Loweruka lililonse mudzi uliwonse umakhala ndi ng'oma zake.

Anafika pabwalo pali chisakasa cha udzu watsopano, mipando itandandalikidwa, miphika ikufuka kuseri. Azimayi ataona chigalimotocho anathamanga ndi nthungululu, ena kuyala zitenje pansi. A Zakeyu anatsika ndi tambala m'khwapa, chifuwa chili patsogolo.

"Ndine malume aakulu a mnyamata, nkhoswe ya kuchimuna. Enawo akubwera m'mbuyo. Galimoto yawo ndi yaulesi."

Mkulu wina woonda, wa ndevu zoyera ndi jekete lalikulu kuposa thupi lake, anawalandira ndi manja awiri. Anali a Jolamu, nkhoswe ya kuchikazi pamudzipo.

"Takulandirani, bambo. Anatiuzadi kuti kuli malume aakulu ku tauni amene sitinawaone. Galimoto yawoyo tikuidziwa, ulendo watha tinachita kuikankha."

Mwaona mmene zinagwirizanirana? Banja lililonse lili ndi malume a ku tauni amene sabwera kumisonkhano, ndipo banja lililonse lili ndi galimoto yokankha. A Zakeyu anaseka mpaka misozi, nakhala pampando wa ankhoswe, namwa thobwa lija analonjeza.

Anakhala mphindi khumi. Mwendo unayamba kugwedezeka wokha. Anayang'ana wotchi, anayang'ana kunjira, anayang'ananso wotchi.

"Akuluakulu, tikamadikira aja dzuwa litilowera. Bwanji za ankhoswe tithane nazo, anawo akafika angovina?"

A Jolamu anakanda ndevu. "Mwambo wake, bambo, timadikira onse akhale pansi."

"Mwambo ndi ife ankhoswe. Tambala ndi uyu, ine ndi uyu. Chatsala n'chiyani?"

A Jolamu anayang'ana anzawo, anzawo anayang'ana galimoto. Anthu anali atadikira chiyambire m'mawa, ndiwo zinali zitapsa, ndipo munthu wobwera ndi chigalimoto chotere ukamutsutsa umaoneka ngati ndiwe wosadziwa zinthu. Anavomera.

Anatulutsa atsikana atatu ofundidwa nsalu kuyambira kumutu mpaka kumapazi kuti ankhoswe aloze mkazi amene abwerera. Apa zinthu zinawavuta a Zakeyu, poti mtsikanayo anali asanamuonepo, ndipo dzina lake analimva kamodzi injini ikulira, osaligwira. Koma anayang'ana pansi. Awiri anali ndi masilipasi, wapakati anali ndi nsapato zatsopano zoti zikumuluma. Analoza wapakatiyo. Atamuvundukula, bwalo lonse linaphulika ndi nthungululu. Tsoka likafuna kukukhaulitsa bwino limayamba lakupatsa mwayi.

Kenako anaimirira kuyankhula.

"Mwana wathu amene tikukupatsaniyu ndi wamtali, wofatsa, wamanyazi. Chibadwire sanalawepo mowa. Mawu ake simungawamve kawiri patsiku."

Azimayi anayamba kutsinana n'kubisa nkhope m'zitenje. Mkamwini amene iwo ankamudziwa anali kamnyamata kakafupi, kolongolola, koimba ng'oma pamowa uliwonse wa m'deralo. Koma nkhoswe ikamatama mwana wake ndani amaitsutsa? Mayi wina anafuula kuti, "Ankhoswe awa ndi odziwa ntchito!" A Zakeyu anamva kukoma, nawonjezera zina.

Anapereka tambala ndi manja awiri, atagwada bondo limodzi. A Jolamu anamulandira, napereka msoti woyera. Inabwera nkhuku yowotcha m'mbale, awiriwo anaigwira uku ndi uku n'kuikadzula, aliyense n'kudya mbali yake anthu akuombera m'manja. A Zakeyu anatafuna ntchafu ija ndi mtima wokhazikika. Ntchito ya mwana wa mlongo wawo anaigwira ndi manja awo, Chifuwa asanatulukire n'komwe.

Fupa lili m'kamwa, kunjira kunamveka nyimbo ndi kulira kwa injini yotopa. A Zakeyu anaimirira, msoti m'khwapa, atakonzeka kumuseka mng'ono wawo. Koma chimene chinatulukira pa mitengo ya mango ya kunjirako sichinali kapikapu. Chinali chilole chabuluu, chodzaza anthu amene sanawaonepo chibadwire. Kutsogolo kunatsika bambo wonenepa, wa suti ya bulawuni, tambala wakuda ali m'khwapa.

Bambo uja anayang'ana msoti, nayang'ana milomo ya mafuta ya a Zakeyu.

"Pepani, akulu, inu ndinu ndani?"

"Ndine malume aakulu a mnyamata."

"Malume aakulu a mnyamata ndine. Mnyamata wake ndi uyu."

Pamwamba pa lole panasuzumira kamnyamata kakafupi, kali ndi ng'oma pamiyendo. Ng'oma zapabwalo zinasiya imodziimodzi. A Zakeyu anatembenukira kwa a Jolamu.

"Kodi kuno si kwa Ntondo?"

"Kuno n'kwa Kafulama, bambo," anatero a Jolamu mofatsa. "Kwa Ntondo mwakusiya m'mbuyo."

Manyazi amene anawagwira a Zakeyu sindingathe kuwafotokoza. Koma choposa manyazi chinali mantha, poti anakumbukira Lonjezo atakhala mu suti yake kumudzi wina, akuyang'ana kunjira.

"Chonde, bwezereni tambala wanga. Msoti wanu ndi uwu."

"Iii, ayi bambo," a Jolamu anabweza manja kumbuyo. "Tambala wolandiridwa pabwalo sabwezedwa. Kubweza tambala n'kuthetsa banja lisanayambe. Ndipo nkhuku ija mwadya. Koma musade nkhawa, takhalani pansi pang'ono tikambirane, chifukwa kwa Ntondo..."

Kukhala pansi! Mawu amenewo a Zakeyu sanawamvepo bwino moyo wawo wonse. Anathamangira ku Mphenzi, msoti uli m'khwapa momwemo, naliza injini. Pagalasi anaona bambo wonenepa uja akuthamangira galimoto atakweza tambala wakuda m'mwamba, akukuwa. A Zakeyu anaganiza kuti akuwanyogodola, naponda moto kwambiri.

Anabwerera mumsewu uja maso ali patsogolo. Kamlatho kaja anakamezanso. Anangozindikira afika pa mlatho woyamba wa zitsulo. "Basi ndi pano, Layisoni satha kuwerenga," anatero, nakhotera m'kanjira kamene anakaona. Kanjirako kanayamba bwino, kenako kanachepa, kenako kanathera pa uvuni wa njerwa, matayala akumbuyo n'kutitimira mumchenga. Akaponda moto, masilinda asanu ndi atatu aja ankangokumba dzenje mwamphamvu.

Amuna anayi oumba njerwa anasiya zikombole n'kubwera. Anafukula mchenga, anaika nthambi, anakankha. Zinatenga nthawi yaitali, dzuwa n'kupendeka. Atatuluka, mmodzi anapukuta manja n'kufunsa kumene akupita.

"Kwa Ntondo? Si pakamlatho kaja? Ife timakuonani kuchokera pachulupa, bwana. Mwakadutsa popita, mwakadutsanso pobwera. Timati mwina mukuyesa galimoto."

Ulendo uno a Zakeyu anayenda ngati akuperekeza ng'ombe, galasi lili pansi, mutu uli kunja. Ndipo anadabwa. Msewu umene anaudutsa kawiri unali ndi zinthu. Panali nkhokwe zodzaza mpaka kudenga, mayi akupeta mtedza amene anawaweyulira dzanja, fungo la mbatata yowotcha, mbuzi itagona pachulu ngati ndiyo mwini dziko. Injini inali phee, moti anamva ng'oma zikuchokera kumbali. Ngakhale anali ndi nkhawa, anavomera mumtima kuti kuyenda kotereku kuli ndi kukoma kwake, ngakhale sakanamuuza Layisoni. Kenako pansi pa matayala panamveka ka gu kakang'ono. Anaima, natsika, nakayang'ana kamlathoko kwa kanthawi ndithu.

Kwa Ntondo anafika gule ali pakati. Chifuwa anali pansi pa mtengo wa mango, injini itazizira kalekale. Pambali pake panali ngolo, ng'ombe ziwiri zikubzikula mosatekeseka. Ndipo pamwendo wa tebulo la ankhoswe panali patamangidwa tambala wakuda, yemwe uja wa bambo wonenepa.

A Zakeyu anatsika ndi msoti wawo m'khwapa. Pampando wa nkhoswe yaikulu panakhala a Layisoni, msoti wina uli pamiyendo, milomo ili ndi mafuta. Lonjezo anali pambali pa mkazi wake, akumwetulira mpaka makutu. Pafupi ndi a Layisoni, mkulu woonda wa jekete lalikulu ankamwa thobwa.

"A Jolamu! Mwafika bwanji kuno?"

"Pangolo, bambo. Kwa Kafulama ndi kwa Ntondo n'kungodutsa damboli. Mukaima pachulu apo mukuona chisakasa chathu. N'zimene ndimafuna kukuuzani. Tinagwirizana kuti poti tambala wanu walowa kwathu, wa anzanu aja, amene anali asanaperekedwe, abwere kuno. Tinakukuwirani kuti mumutenge, koma inu munali mutapita. Ndiye ndinati mwana wa eni asachite manyazi, ndinamanga ng'ombe."

Nankhoma anabwera akupukuta thukuta la gule. Anawayang'ana achimwene ake kuyambira kunsapato za mchenga mpaka kumsoti. Mkwiyo unali utamuthera, poti tsiku la mwana wake linali litayenda bwino, koma mawu ake sanawabweze.

"Tinakudikirani mpaka akuchikazi anayamba kunong'onezana. Tambala atafika, anapereka ndi a Layisoni. Mpando ndi wawo."

A Zakeyu chinawawawa, ndipo misozi inalengeza. Lonjezo anadzuka, nabwera kudzagwada pamaso pawo.

"Malume, musadandaule. Mwafika, n'chachikulu. Tayi iyi ndamanga mmene munandiphunzitsira."

"Ndiponso unkhoswe simunautaye, bambo," anawonjezera a Jolamu. "Nkhuku yathu munadya pamaso pa anthu. Kwa Kafulama ndinu nkhoswe mpaka imfa. Ndipo mkamwini wathu uja, mmene ndikumudziwira ine, muzibwera pafupipafupi."

Bwalo lonse linafa ndi phwete, a Layisoni mpaka kutsamwa. A Zakeyu anayesa kulimba nkhope, koma nawonso kuseka kunawapeza. Anakhala pa benchi ya alendo wamba, msoti wa eni uli pamiyendo, napatsidwa chikho cha thobwa. Kwa zaka makumi awiri zotsatira, kamnyamata ka ng'oma kaja kakagona kumowa, uthenga unkapita ku Lilongwe, ndipo Mphenzi ankaoneka akulowera kwa Kafulama pang'onopang'ono.

Koma tsiku limenelo, gule asanayambirenso, a Zakeyu anafuna kupulumutsako kaulemu kochepa. Analoza galimoto yawo ndi chikho.

"Komabe, akuluakulu, tinene zoona. Pa magalimoto onse anyamuka lero, palibe yathamanga kuposa iyo."

A Jolamu anayang'ana Mphenzi, anayang'ana Chifuwa, anayang'ana ng'ombe zawo ziwiri zija. Anamaliza thobwa lawo mosafulumira, napukuta ndevu.

"Zoona, bambo, kuthamanga mwathamanga, tonse taona. Koma kuthamanga sikufika."